Kabodi kosinthira rev counter ya RVI kukhala RVC: kamene ndaika mu MGB yanga

MGB yanga, galimoto ya ku Britain, ndi ya 1969, ya injini ya 1798cc. Nditachotsa mapoyinti (tizitsulo totseka ndi kutsegula magetsi oyatsa mapulagi) mu distribyuta n'kuikamo ignition yamagetsi, injini inayamba kulira bwino kuposa kale, koma singano ya rev counter, geji yoonetsa marevu (kuzungulira kwa injini pa mphindi), inasokonekera. Galimoto ili poima, singano inkanjenjemera pakati pa 1200 ndi 1800. Ndikaponda pang'ono inkathamangira kumzere wofiira injini isanapse n'komwe mtima.

Amene mukufuna kugula kabodi aka ka magetsi koika m'kati mwa geji, yambani mwatsimikiza kuti wabodza ndi geji. Ine ndinapana timing light (nyale yoyezera injini) yoonetsa marevu pa waya wa pulagi yoyamba, ndipo inati 850 pamene geji inkati 1500. Ndinapala dzimbiri pamene geji imagwira earth (pamene magetsi amabwerera kudzera m'chitsulo cha galimoto), ndinamanga mawaya a pa koyilo, osasintha kanthu. Waya wolekera kapena earth yadzimbiri imavinitsa singano chimodzimodzi, ndipo kabodi sikachiza zimenezo.

Vuto lagona pa mmene gejiyi inapangidwira. Ma rev counter a kampani ya Smiths olembedwa RVI m'munsi mwa nkhope, amene ali m'magalimoto ambiri a ku Britain a zaka za m'ma 1960 monga MG ndi Triumph, amawerenga mphamvu ya magetsi yodutsa mu waya woyera wopita ku koyilo. Mapoyinti akatseka ndi kutsegula, magetsi amadukaduka mwadongosolo ndipo geji imawerenga kudukako. Ignition yamagetsi imadula mwa mtundu wina, geji n'kusokonezeka. Onjezanipo kuti kapasita ndi matransista a m'katimo atha zaka zoposa 50 akugwira ntchito, n'chifukwa chake ambiri amanena marevu okwera akangotenthedwa. Olembedwa RVC, amene anabwera m'zaka za m'ma 1970, amatenga chizindikiro ku mbali ya negative ya koyilo, ndipo sakangana ndi ignition yatsopano.

Kabodi ndinagulaka kamasandutsa RVI kukhala RVC m'kati, kunja osasintha chilichonse. Ichi ndiye chinandikoka. Geji yatsopano ikanagwira ntchito, inde, koma ikanaoneka mlendo pakati pa anzake pa dashibodi. Nkhope yakuda ija, manambala oyera amene ayamba kuderako, singano yomwe ija, zonse zatsala.

Kuika kabodika si ntchito ya mphindi zisanu monga wogulitsa amanenera. Mkombero wonyezimira wogwira galasi umafunika kuupotoza kuti uchoke, ndipo wanga unali utamatirira ndi labala wakale amene anauma gwa. Ndinaunyengerera pang'onopang'ono ndi chala chachikulu mpaka unalola. M'kati mumachotsa bodi yakale n'kuwotcherera timawaya tiwiri ta singano pa yatsopano. Timawayato n'topyapyala ngati tsitsi, ndipo mukatikoka mwamphamvu, geji yatha basi. Ngati dzanja lanu silinazolowere soldering iron, chipangizo chowotcherera mawaya, perekani kwa wokonza mawailesi.

Pepala la malangizo ndilo landikhumudwitsa. Zithunzi n'zazing'ono, zakuda, ndipo nkhani ya waya woyera aitchula mzere umodzi wokha. Chonsecho waya umenewu ndi umene umadyetsa koyilo. Ukachotsedwa pa geji, nsonga zake ziwiri ziyenera kulumikizidwa, apo ayi galimoto silira konse. Pamafunikanso waya watsopano wochokera ku negative ya koyilo kufika ku geji, ndipo m'phukusi munalibe.

Gawo limene ndinasangalala nalo ndi lotchera singano. Injini ya masilinda anayi imathetheka kawiri ikazungulira kamodzi, choncho marevu 3000 pa mphindi ndi kuthetheka 100 pa sekondi. Kabodika kamalandira kamvekedwe kochokera pa foni kudzera pa waya wa mahedifoni. Ndinaika geji patebulo, ndinailumikiza ku batire, ndinaliza kamvekedwe ka 100 Hz (kugunda 100 pa sekondi), n'kumapotoza kasikuluwu ka pa bodi mpaka singano inaima pa 3000 ndendende. Nditaliza 50 Hz inatsika pa 1500. Pa 200 Hz inaperewera pang'ono kufika 6000. Foni iyenera kukwezedwa mawu mpaka pamapeto, chifukwa akachepa singano siyenda.

Tsopano geji ndi timing light zimagwirizana galimoto ili poima komanso ndikaponda, injini yozizira kapena yotentha. Singano imakwera mosalala, ndipo posintha magiya ndayambanso kuikhulupirira.

Ndingakulimbikitseni kugula ngati geji yanu yalembedwa RVI, mwaika ignition yamagetsi, ndipo singano imayenda momasuka mukaipendeketsa. Ngati singano imakakamira kapena sibwerera pa ziro mukazimitsa, vuto lili mu makina oyendetsa singano, ndipo bodi yatsopano siithandiza. A ma MGB oyambirira a positive earth, amene mbali ya positive ya batire ndiyo imalumikizidwa ku chitsulo cha galimoto, funsani wogulitsa musanalipire ngati kabodi kakeko kamalola zimenezo.