Kusunga madzi a mvula m'dziwe kapena kuwamwetsa m'nthaka

Makhonsolo ambiri a mizinda amalamula kuti madzi a mvula otuluka pamalo omangidwa asathamange kuposa mmene ankathamangira malowo asanamangidwe. Chifukwa chake n'chomveka: mvula ya mamilimita 25 ikagwa padenga la masikweya mita 200 imatulutsa malita 5,000, ndipo madzi onsewa akangosiyidwa amakathera m'ngalande za mumsewu kapena pakhomo la mnansi wokhala kumunsi.

Njira yoyamba yokwaniritsira lamuloli ndi kukumba dziwe lomwe limalandira madziwo n'kumawatulutsa pang'onopang'ono kudzera m'paipi yaing'ono. Ubwino wake ndi wakuti oyendera a khonsolo amaliona ndi maso ndipo amatha kuyeza kukula kwake. Koma dziwe limadya malo, ndipo matope ndi zinyalala zikatseka kukamwa kwa paipi ija, limasefukira pa tsiku lomwe likufunika kwambiri.

Njira yachiwiri ndi kumwetsa madzi m'nthaka pogwiritsa ntchito maenje odzaza miyala kapena njerwa zoyala pansi zokhala ndi mipata. Ndimaona kuti imeneyi ndi yabwino koposa pomwe nthaka ikulola, chifukwa imachepetsa kuchuluka kwa madziwo, osati liwiro lake lokha, komanso imawonjezera madzi apansi panthaka. Padothi lamakande kapena pomwe madzi apansi ali pafupi, siigwira ntchito bwino, n'chifukwa chake makhonsolo ambiri amafuna kuti nthaka iyezedwe chilolezo chomanga chisanaperekedwe. Vuto lake ndi lakuti maenje akatsekeka ndi dothi sizidziwika msanga, ndipo mwini malo amene sanawasamalire ndiye angalipitsidwe chindapusa.