FamilySearch ndayiyesa miyezi itatu, agogo anga ali ndi zaka zobadwa zitatu

Ndinaika app ya FamilySearch Tree, yolondolera mbiri ya makolo, pa foni titangochoka ku maliro a agogo aamuna ku Chiradzulu, chifukwa pa mwambo wa maliro paja owerenga mbiri anati anabadwa 1940 ndiye amalume anadzuka pompo nkunena kuti bodza limenelo, anthu mpaka kuyamba kung'ung'udza. Ndinati basi ndizilondole ndekha zimenezi.

App yake ndi yaulere, eni ake ndi a mpingo uja anthu amautcha wa Mormon koma sakufunsa kuti umapemphera kuti, umangotsegula akaunti basi. Bandulo yokha ndi imene umalipira. Koma ndikuuzenitu, musaganize kuti mungolemba dzina la agogo nkuwatulukira ndi chithunzi chawo ayi. Kwathu kuno ana obadwira kumudzi kale samalembedwa ku boma, ndiye zambiri umalowetsa wekha kuchokera mmapepala a mu sutikesi ndi mkamwa mwa anthu akuluakulu.

Mapepala amene ndinapeza ndi atatu ndipo palibe awiri ogwirizana. Chiphaso cha unzika chija anthu analembetsa mu 2017 chikuti 1 January 1940, pepala lawo la ku Wenela, bungwe lija limatenga anthu kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, likuti 1931, kadi ya ubatizo ya ku parishi yothetheka mmbali ikuti 1934. Dzina nalonso penapake alemba ndi l penapake ndi r, ku migodi anagwiritsa dzina la bambo awo ngati surname pomwe ku tchalitchi analemba mfunda, munthu utha kulumbira kuti ndi anthu atatu osiyana.

Apa ndi pamene app yandisangalatsa. Pepala lililonse umalijambula nkulimata pa munthuyo ngati umboni, ndipo ukamasintha deti pamabwera kabokosi kokufunsa chifukwa chake ukuti zimenezi ndi zoona. Poyamba kamanditopetsa kabokosi kameneka koma ndi kamene kanandipangitsa kukhala pansi nkuganiza. 1 January ija aliyense akudziwa kuti ndi deti ya anthu osadziwa tsiku lawo. Komanso achemwali awo a agogo, amene akadali moyo, anandiuza kuti pa njala ya 1949 iwo aja anali kale mnyamata woti amatsagana ndi akuluakulu wapansi kukasuma chimanga ku Ntcheu nkusenza thumba lake, mwana wa zaka 9 angathe zimenezo? Ya ku Wenela anaseka okha, akuti anyamata onse amawonjezera zaka kuti awatenge ku Joni. Yatsala kadi ya ubatizo, inalembedwa iwo ali khanda ndipo panalibe amene akanapindula ponama. Ndinaika 1934 nkulemba zonsezi mkabokosi muja, mapepala enawo sindinawachotse, ali pompo kuti wina adzaone yekha. Mayina enawo ali ndi malo ake olembapo mayina owonjezera.

Mawu a achemwali a agogo aja ndinawajambula pa gawo la Memories, mphindi zochepa chabe koma akutchula mbumba yonse kuyambira kwa amayi awo, pajatu ife timalondola kuchikazi. Anandimasuliranso za Fort Johnston imene ndimaiona pa pepala lina, kuti ndi Mangochi yomweyi, ine ndimafuna kulemba ngati malo awiri.

Chimene muyenera kudziwa musanayambe, mtengo wa mabanja (family tree) wa mu app imeneyi ndi umodzi wa dziko lonse lapansi, munthu akamwalira aliyense amene ali ndi akaunti atha kusintha zimene mwalemba. Amoyo okha ndi amene amabisika. Msuweni wanga wa ku Johannesburg analowa nkubwezera 1940 ati poti ndi za pa ID ya boma, komanso anali atapanga kale agogo ake ake ndiye tinali ndi agogo awiri okwatira mkazi mmodzi kkkk. Mwayi wake app imasunga zonse zimene zasinthidwa ndi amene wasintha, ndipo anthu awiri ofanana umatha kuwaphatikiza. Ndinamutumizira kadi ya ubatizo ija pa WhatsApp, anangoyankha kuti ok asisi.

Ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5. Amalume sanakhutirebe, akuti 1932, ndipo Loweruka akubwera ndi pepala la msonkho.