Chitetezo Mbaula: zimene ndaona pa chaka ndi theka ndikuphikirapo

Ndinagula Chitetezo Mbaula kwa gulu la amayi amene amaumba mbaulazi kufupi ndi kwathu ku Mitundu, ndipo popeza papita chaka ndi theka tikuphikirapo tsiku lililonse, ndaona kuti ndi bwino kufotokoza ubwino wake ndi zofooka zake kwa amene akulingalira zosiya mafuwa. Mbaulayi ndi ya dothi la mtapo, imaumbidwa m'chikombole n'kuwotchedwa mu uvuni, ndipo ili ndi khomo limodzi losonkhezera nkhuni, zogwirira ziwiri m'mbali ndi tinsonga titatu pamwamba pokhazikapo poto. Mtengo wake unali wotsika kwambiri poyerekeza ndi thumba limodzi la makala.

Chimene chinandikopa ndi kusowa kwa nkhuni. Ife a kuno taona ndi maso athu momwe nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, yakhala ikuthera, mpaka boma linatumizako asilikali mu 2015 kuti akaiteteze kwa owotcha makala. Pakhomo pathu, mtolo umene unkatha masiku 4 pa mafuwa tsopano umatifikitsa masiku 6, nthawi zina sabata yathunthu. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: pa mafuwa mphepo imabalalitsa malawi ndipo moto wambiri umangothera m'mbali, pamene m'mbaulamu khoma la dothi limatchinga mphepo, limasunga kutentha ndi kulunjikitsa malawi pansi pa poto. Nyemba zikangowira, tinkhuni tiwiri timakwanira kuzifewetsa, ndipo moto ukazima mbaula imakhalabe yotentha moti madzi osamba a ana amafunda popanda kusonkhezanso.

Komabe phindu limeneli silibwera lokha, ndipo apa m'pamene ambiri amene analandira mbaulazi kwa mabungwe amagwira mphwayi n'kuzisandutsa chikhalo cha nkhuku yoikira. Chikuni chachikulu chimene tinazolowera kukankhira pakati pa mafuwa sichilowa pakhomo la mbaulayi, choncho munthu ayenera kuwaza nkhuni kuti zikhale zing'onozing'ono ndi kuziumitsa bwino, apo ayi utsi umachuluka chimodzimodzi monga kale. Sabata zoyambirira amayi a kunyumba ankadandaula kuti moto wake umafuna kuukhalira pafupi. Titazolowera, tinapeza kuti chofooka chomwechi chili ndi ubwino wake, pakuti zitsononkho, mapesi a nandolo ndi tinthambi tosadza ku mitengo ya m'munda, zimene pa mafuwa zimangolilima n'kutha, muno zimapsetsa ndiwo bwinobwino. Chaka chino tadzala nandolo m'malire onse a munda poganizira za moto womwewu.

Pa nsima ndiye pali mawu. Poto wa banja la anthu asanu amakhazikika bwino, koma povundula nsima yolimba mumphika waukulu pamafunika kugwiriza mwamphamvu, ndipo mgolo wa thobwa kapena chakudya cha pamaliro sizitheka n'komwe. M'miyezi ya June ndi July ana amasowa powotha moto, chifukwa kutentha kumene tikukuyamikira kuja kumatsekeredwa m'kati. Pa zifukwa zimenezi mafuwa sitinawataye. Ali pakona ya khitchini kudikira tsiku la alendo.

Ndiyeneranso kunena kuti mbaula imene ndikuyamikirayi ndi yachiwiri. Yoyamba, imene ndinagula kwa wogulitsa wina pamsika, inang'aluka kuchokera pakhomo mpaka pamwamba isanathe miyezi iwiri, ndipo amayi oumba aja atayiona anandiuza kuti sinapse mokwanira mu uvuni. Iwo anandilangiza kuti pogula ndiziigogoda ndi chala monga timachitira ndi mphika wadothi, kuti ndimve ngati ikulira bwino, komanso kuti isamagone pamvula kapena kuthiridwa madzi ili yotentha.

Mu 2013 boma la Mayi Joyce Banda linalonjeza kuti pofika 2020 mabanja 2 miliyoni adzakhala akuphikira pa mbaula zosawononga nkhuni, ndipo Chitetezo ndi imene inafala kwambiri m'midzi pa ntchito imeneyo. Ngakhale zili choncho, sindikhulupirira kuti mbaulayi payokha ingapulumutse Dzalanyama, popeza ndi ya nkhuni, pamene njinga zimene zimadutsa pano m'bandakucha zitasenza matumba a makala zimapita kwa anthu a mumzinda amene magetsi amawazimira kawirikawiri kapena alibe n'komwe. Kwa banja la kumudzi limene lili ndi munda ndiponso nkhwangwa yakuthwa, ndinganene mosakayika kuti aigule, ndipo ngati n'kotheka agule ziwiri, kuti nsima ndi ndiwo zizipsera limodzi.