Erddig ku Wrexham: nyenyezi 5, pitani mukaone zithunzi za antchito

Tinapita Loweruka ndi mlamu wanga titaweruka shifiti ya usiku, maso ali gwaa ndi tulo, koma ndalama ya tikiti sindikuidandaula olo pang'ono. Erddig ndi chinyumba chakale cha mabwana, chili kunja pang'ono kwa tauni ya Wrexham ku Wales ndipo amayang'anira ndi a National Trust, bungwe losamalira malo akale.

Chimene chinandigwira mtima nchakuti sumalowera khomo la mabwana ayi, umayambira kuseri kwa antchito, kokhomera matabwa, kosulira zitsulo, kochapira, kenako kukhitchini, ndiye ukamafika kuzipinda zapamwambazo umakhala utadziwa kale manja amene ankapukuta zonsezo. Banja la a Yorke, lomwe linakhala pamenepa kuyambira 1733 mpaka 1973, linkajambulitsa antchito awo nkuwalembera ndakatulo. Pali gogo wina Jane Ebbrell, anamujambula mu 1793 ali ndi zaka 87, ntchito yake inali yochotsa akangaude. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali abale. Agogo anga aamuna anaphikira azungu ku Blantyre zaka zambirimbiri koma chithunzi chawo ali pantchito tilibe nchimodzi chomwe. Palinso chithunzi cha mnyamata wakuda atanyamula lipenga, ndakatulo yake ikuchita kuvomereza kuti za iyeyo sankadziwa zambiri, apo mtima unandiwawa ndithu.

Mayi wina wongodzipereka amene anali m'chipinda china anatifotokozera modekha kuti anamanga nyumbayi ndi Joshua Edisbury cha mu 1684 mpaka 1687, ngongole zinamukwana mpaka inagwera m'manja mwa loya wa ku London John Meller yemwe anaikuza mbali zonse ziwiri. Kenako mgodi wa malasha wa Bersham unakumba pansi pake, mbali imodzi inatitimira pafupifupi mita ndi theka, denga kumadontha, Philip Yorke womaliza akukhalabe momwemo opanda magetsi mpaka anaipereka kwa a National Trust mu 1973.

Zipinda zina nzamdima dala poteteza nsalu zakale, ndiye ngati maso amakuvutani tengani magalasi. Kumunda kuli mitengo ya maapozi yoyala pakhoma ngati mikono yotambasula, ndipo tsikani mukaone Cup and Saucer pomwe madzi amagwera m'dzenje lozungulira pakati. Valani nsapato zamatope, ife tinabwerako masokosi ali chonyowa. Tikubwereranso nthawi yokolola maapozi, ulendo uno ndi ana.