Marcus Miller kapena Stanley Clarke, wophunzira bezi ayambe ndi uti?

Akuluakulu a bezi, awiriwa onse ndi akamuna koma ntchito zawo n'zosiyana, nde musamangowaika m'thumba limodzi.

Stanley Clarke, wa ku Philadelphia wobadwa 1951, ndi mmodzi mwa amene anaichotsa bezi kumbuyo kuja pafupi ndi ng'oma n'kuiika kutsogolo. Anayambira pa chibezi choimika chija, anatchuka mu bandi ya Return to Forever ndi woimba piyano Chick Corea, kenako chimbale chake cha School Days mu 1976, pa bezi yake ya Alembic akukhwatcha nsambo zingapo pakamodzi, zala kuthamanga mpaka iwe womvera kutopa. N'zokoma heve, koma pamenepo bezi ndiye mwini nyimbo, enawo akungoperekeza.

Marcus Miller, wa ku Brooklyn 1959, anakulira mu situdiyo za ku New York kuimbira anthu ena, ndipo zimamveka. Mverani zimbale za Luther Vandross, chala chachikulu chikumenya nsambo, cholozera chikukoka, bezi ikulira kuti twa! koma siiponda mawu a woimba ngakhale pang'ono, amadziwa pokhala chete mkuluyu. Ndipo si bezi yokha ayi, pa chimbale cha Tutu cha woimba lipenga Miles Davis cha 1986 (dzinalo ndi la Desmond Tutu) nyimbo zambiri analemba ndi iyeyo, kupulojusa n'kuimbanso zida zambiri yekha, ali ndi zaka 26 zokha, tangoganizani mwana ameneyo kumuuza Miles polowera. Stanley nayenso amapeka, makamaka nyimbo za m'mafilimu, koma kukonzera woimba wina chimbale chonse Marcus ali patsogolo.

Pa zida nde kusiyana kulipo kwambiri. Alembic n'zodula zoti ambirife tizingoonera pa YouTube basi. Marcus wakhala pa Fender Jazz Bass ya 1977 zaka zonsezi, komanso pali ma Sire V7 a dzina lake omwe mtengo wake ndi bola.

Nde ngati mumaimba mu bandi, kutchalitchi kaya pa maukwati, yambani ndi Marcus chifukwa zimene mutoleko mugwiritsa ntchito Lamulungu lomweli, abusa sakuthamangitsani. Stanley mumupeze pambuyo zala zikakhwima, mukafuna solo. Ofuna kuwamva pamodzi sakani chimbale cha Thunder cha 2008 cha gulu la SMV, muli awiriwa ndi wa bezi mnzawo Victor Wooten, koma mahedifoni akhale abwino, pa sipika ya foni simumvapo kanthu.