Ma waffle a Homer Simpson: kutsatira katuni ndendende kapena kusintha kaphikidwe

M'gawo la katuni ya pa kanema ya ku America ya The Simpsons lotchedwa Homer the Heretic, lomwe linaonetsedwa koyamba pa kanema wa Fox mu Okutobala 1992, Homer akukana kupita kutchalitchi Lamulungu lina lozizira kwambiri, ndipo atatsala yekha m'nyumba akudzikonzera chakudya cham'mawa chimene okonda katuniyi akuyesabe kuchiphika mpaka lero. Akuponya masiwiti a caramel m'chitsulo chowotchera ma waffle (timakeke tathyathyathya tokhala ndi timaenje, towotchedwa pakati pa zitsulo ziwiri zotentha), akuthirapo phala la ufa wa tirigu pamodzi ndi madzi a utsi, ndipo waffle atapsa akumukulunga pa mtanda wathunthu wa batala n'kubayapo kamtengo kotokosera m'mano. Amene akufuna kulawa chakudyachi ali ndi njira zitatu, ndipo sizifanana m'pang'ono pomwe.

Njira yoyamba ndi kuchita zonse monga anachitira Homer. Ubwino wake ndi umodzi wokha, wakuti munthu amaona ndi maso ake zimene olemba katuniyo ankaseketsa nazo anthu. Vuto limayambira pa shuga. Masiwiti akakhudza chitsulo chotentha amasungunuka msanga, amayenderera m'timipata tonse, kenako amapserera phala lisanapse m'kati, moti waffle amatuluka wong'ambika, wakuda ndi wowawa, pamene chitsulocho chimatsala ndi chikhakha chovuta kupala. Caramel wosungunuka amamatiriranso pakhungu n'kupitiriza kuwotcha, choncho ana asakhale pafupi. Madzi a utsi, omwe pa botolo amalembedwa kuti liquid smoke, amapangidwa pozizitsa utsi wa nkhuni mpaka usanduke madzi, ndipo ndi amphamvu kwambiri: madontho ochepa amakwanira nyama yambiri, pamene Homer amangokhuthula osayeza. Za batala n'zosachita kufunsa, pakuti mtanda umodzi wa ku America umalemera magalamu 113, ndipo ukakhala wozizira pakati pa waffle wotentha umasungunuka kunja kokha, m'kati muli gwa.

Njira yachiwiri, yomwe ine ndimaikonda ndipo ndimalimbikitsa ena kuyambira pamenepo, imasunga zinthu zinayi zonse koma imasintha nthawi imene zimakumana. Waffle amawotchedwa payekha ndi phala wamba la ufa, mazira, mkaka, shuga pang'ono ndi mchere. Masiwiti amasungunulidwa mu kapoto pa moto wochepa, pamodzi ndi masupuni angapo a mkaka, mpaka akhale msuzi woti n'kuthira. Utsi umalowa mu batala wofewa, dontho limodzi kapena awiri, munthu akulawa asanawonjezere, chifukwa mafuta amatenga fungolo n'kulifalitsa mofatsa m'kamwa monse. Waffle akadali wotentha ndi wofewa amapakidwa batalayo, kuthiridwa caramel, kukulungidwa ndi kubayidwa kamtengo, moti maonekedwe a m'katuni sanatayike. Apa m'pamene ndinazindikira kuti pansi pa nthabwalayo pali nzeru ya kukhitchini, pakuti kutsekemera, utsi ndi mchere zimagwirizana monga momwe zimakhalira pa nyama yowamba yothiridwa uchi. Amene amati njirayi ndi kubera sindigwirizana nawo, chifukwa chimene chachotsedwa ndi kupserera kokha ndi kuchuluka kwa batala.

Njira yachitatu imabwereka luso la mzinda wa Liège ku Belgium, kumene waffle amapangidwa ndi ufa wokanda wothira yisiti ndi batala wambiri, n'kusakaniza timibulu ta shuga tolimba. Timibuluto sitisungunuka tonse nthawi imodzi. Tapamwamba timasanduka caramel pa chitsulo pomwepo, tam'kati timatsala tolimba potafuna. Mwa njira zonse, iyi ndi yokhayo imene imakwaniritsa bwino maganizo a Homer akuti caramel apsere limodzi ndi waffle, ndipo pa kukoma imaposa zinzake. Komabe imafuna maola angapo kuti ufa utupe, shuga wamtunduwu sapezeka m'sitolo iliyonse, ndipo waffle wa ku Liège ndi wonenepa ndi wolimba, sakulungika popanda kuthyoka. Kwa ine kutaya kukulungako ndi kutaya chinthu chimene aliyense amakumbukira pa gawolo.

Amene ali ndi chitsulo chimodzi chokha asachiike pa chiswe ndi njira yoyamba, makamaka ngati ndi chopakidwa utoto woletsa kumatirira, chifukwa kupala shuga wopserera kumachotsa utotowo. Amene akuphikira alendo odzaonera katuniyi pamodzi atenge njira yachiwiri, akonzeretu batala wa utsi dzulo lake, ndipo awotche waffle mopepuka pang'ono kuposa masiku onse kuti apindike bwino akamakulungidwa.