Kombo yopepuka ya besi: Rumble, Rocket Bass, Markbass kapena GK?

Kale ampu ya besi yoti imveke pakati pa bandi inkafuna anthu awiri kuti ikwere m'galimoto. Kulemerako kunkachokera ku thiransifoma yachitsulo, maginito akuluakulu a sipika ndi thabwa lokhuthala la bokosi. Makombo a masiku ano, omwe ampu ndi sipika zimakhala m'bokosi limodzi, amagwiritsa ntchito ampu ya Class D yomwe ilibe thiransifoma yolemera ija, matabwa opyapyala, ndipo ena ali ndi maginito opepuka a neodymium. Ndiye chifukwa chake bokosi la makilogalamu 13 likutha kudzaza holo yomwe kale inkafuna chibokosi chothyola msana. Koma kupepukako kwabweretsa msampha wake: anthu akugula poyang'ana nambala ya mawati yomwe yalembedwa pamphumi pa ampu, kenako tsiku la phwando besi yawo n'kumira pansi pa ng'oma.

Tiyambe ndi nambalayo. Fender Rumble 500 sikupatsani mawati 500 mukangoitulutsa m'katoni. Masipika ake awiri a mainchesi 10 onse pamodzi ndi ma ohm 8 (muyeso wa mmene sipika imakanizira magetsi), ndipo pa ma ohm 8 ampuyo imatulutsa mawati 350. Mawati 500 amabwera mukalumikiza bokosi lina la sipika la ma ohm 8, chifukwa mabokosi awiri a 8 akalumikizana amatsika n'kufika pa 4. Rumble 200 nayonso chimodzimodzi: payokha ndi mawati 140. Markbass Mini CMD 121P ndi 300 payokha, 500 ndi bokosi lowonjezera. Ampeg Rocket Bass RB-210 nayo imafika pa 500 pokhapokha muiwonjezere bokosi. Si bodza lenileni, zimalembedwa m'kabuku ka malangizo, koma ndi angati amawerenga kabukuko?

Chinanso, kuwirikiza mawati kawiri kumangowonjezera ma decibel 3 (dB, muyeso wa kukwera kwa mawu), kusiyana komwe khutu limangokumva pang'ono. Kuti munthu anene kuti "yakwera kawiri" pamafunika mawati ochuluka pafupifupi kakhumi. Besi imamveka chifukwa cha mpweya womwe sipika ikukankha. Nsambo ya E yosagwira paliponse imanjenjemera pa 41 Hz (maulendo 41 pa sekondi), ya B pa gitala ya nsambo zisanu imatsika mpaka 31 Hz, ndipo mawu otsika chonchi amafuna sipika yotambalala kapena masipika angapo. Masipika awiri a mainchesi 10 amakankha mpweya wambiri kuposa imodzi ya mainchesi 12. Choncho funso loyamba si la mawati. Funso n'lakuti: woimba ng'oma wanu amamenya bwanji, ndipo pamalopo pali PA (zokuzira mawu za holo yonse) yokhala ndi ma sub (masipika a mawu otsika kwambiri) kapena besi yonse ichokera m'bokosi lanu?

Ngati PA ilipo ndipo ampu yanu ntchito yake n'kungoti inu ndi wang'oma muzidzimva, mpikisano uli pakati pa Fender Rumble 100 ndi Ampeg Rocket Bass RB-112. Zonse ndi mawati 100 ndi sipika imodzi ya mainchesi 12, zonse zili ndi potulukira pa XLR popita ku miksa. Rumble 100 imalemera pafupifupi makilogalamu 10, moti dzanja limodzi ampu, linalo gitala, n'kukwera masitepe osapumira. RB-112 ndi yolemererako pang'ono. Mawu ake ndi osiyana. Rumble imabwera kale ndi besi yonenepa, yofunda, ndipo ili ndi mabatani atatu, Bright, Contour ndi Vintage, kuphatikiza EQ (zosinthira kamvekedwe ka mawu) ya magawo anayi: bass, low mid, high mid ndi treble. Ampeg ili ndi EQ ya magawo atatu, mabatani a Ultra Hi ndi Ultra Lo, ndi kadistoshoni kake kotchedwa SGT komwe kamapereka mawu okhakhala a maampu akale a Ampeg. Ili ndi polowetsera gitala pawiri, pena pa 0 dB pena pa -15 dB. Pachiwiripo ndi pa magitala okhala ndi batire, omwe amatulutsa mawu amphamvu n'kumasokosera akalowa pa 0 dB.

Chofooka cha Rumble 100 n'chakuti ilibe polumikizira bokosi lowonjezera. Mmene mwaigulira ndi mmene idzakhalire. M'tchalitchi chaching'ono, pa kwaya yokhala ndi kiyibodi, m'malo odyera momwe wang'oma akumenya mwaulemu, imakwana. Koma muikeni m'bandi ya reggae, wang'oma wa dzanja lolemera ali pambali, magitala awiri akulira, mudzapeza kuti Master, chokwezera voliyumu ya ampu yonse, ili kumapeto koma nsambo ya E ikungoti phwe phwe ngati chikwama chotha mpweya. Apo ampu yafika pomwe mphamvu zake zathera, ndipo kuwonjezera bass pa EQ kumangoipitsa zinthu chifukwa mawu otsika ndi amene amadya mawati ambiri.

Rumble 40 ndi RB-110, za sipika ya mainchesi 10, tizidumphe msanga. Ndi zabwino poyeserera kunyumba, ndipo poti zili ndi XLR zikhoza kukhala ngati monita (sipika yoti woimba azidzimva) pafupi ndi khutu lanu, koma zokha sizingalimbane ndi ng'oma.

Nkhani yeniyeni ili pa maampu oti anyamule besi yonse okha, kopanda sub: paukwati m'holo ya sukulu, pamalo omwera pomwe PA ndi ya oimba pakamwa okha. Apa pali zinayi zoyenera kuziyerekeza.

Rumble 500 imalemera pafupifupi makilogalamu 16 ndi theka. Rumble 200, ya sipika imodzi ya mainchesi 15, imapepukirapo ndi kilogalamu imodzi yokha, chikhalirecho ikukupatsani mawati 140 pomwe inzakeyo ikupereka 350. Pa chifukwa chimenechi, wofuna Rumble yayikulu angolunjika pa 500, pokhapokha ngati mtengo wamukaniza kapena amakonda kwambiri kufewa kwa sipika ya 15. Ambiri amaganiza kuti 15 ndiye mwini besi, koma masipika awiri a 10 amayankha msanga chala chikagunda nsambo, ndipo manotsi amamveka lililonse palokha, osati kungoti ndiii. Rumble 500 ndi 200 zonse zili ndi kasipika ka mawu okwera komwe mukhoza kukazimitsa ndi batani, chinthu chothandiza ngati simuimba slap (kumenya nsambo ndi chala chachikulu) ndipo phokoso la zala pa nsambo likukunyansani. Koma Rumble ili ndi khalidwe limodzi lomwe wapamiksa sadzakukonderani nalo: mawu otuluka pa XLR amatsatira Master. Mukakweza ampu pakati pa nyimbo kuti mudzimve, mwakwezanso besi mu PA monse. Njira yake ndi iwiri. Mugwirizane za Master pa nthawi yoyesa zida n'kusaigwiranso, kapena muike kabokosi ka DI pakati pa gitala ndi ampu kuti miksa izitenga mawu asanafike mu Rumble.

Ampeg RB-210 ndi mnzake weniweni wa Rumble 500: masipika awiri a 10, kasipika ka mawu okwera, kulemera kofananako. Mndandanda wa Rocket Bass unatuluka mu 2021, pomwe ma Rumble opepukawa akhala pamsika kuyambira 2014, ndiye ogwiritsidwapo kale ntchito a Rumble ndi osavuta kuwapeza. Kusankha pakati pa ziwirizi ndi nkhani ya khutu. Ampeg imatulutsa mawu apakati olimba omwe amaboola magitala, Rumble imayala besi yotambalala yomwe imakoma mukamaimba nokha. Chenjerani ndi kukomako. Batani la Contour pa Rumble, ngakhalenso Ultra Lo pa Ampeg, limachotsa mawu apakati. M'sitolo zimamveka ngati mwagula ampu yodula kawiri. Bandi ikangoyamba, besi imasowa, chifukwa mawu apakati omwe mwachotsa aja ndi amene khutu la munthu wokhala kumbuyo kwa holo limagwira. Pa siteji mabataniwa azikhala ozima, low mid ikwezedwe pang'ono, bass isapitirire pakati.

Markbass Mini CMD 121P, ya ku Italy, yodziwika ndi sipika yake yachikasu, ndi ya anthu omwe kilogalamu iliyonse imawawerengera. Ndi pafupifupi makilogalamu 13, kabokosi kakang'ono kokwana pampando wa galimoto yaying'ono, koma mawati 300 mu sipika imodzi ya neodymium ya mainchesi 12. Mawu ake sakometsera kanthu: gitala yanu ndi zala zanu zimamveka mmene zilili, zolakwa zomwe. XLR yake ndi yabwino kuposa ya Rumble chifukwa ili ndi poyikweza pake ndiponso batani losankha kuti miksa itenge mawu EQ isanawakhudze kapena itawakhudza. Pali cholakwika chimodzi chomwe pafupifupi aliyense woigwira koyamba amachita. Mitundu yakaleko ili ndi zosefera mawu ziwiri, VLE ndi VPF. Munthu amaziika pakati, ngati mmene amachitira ndi bass ndi treble, poganiza kuti pamenepo ndiye pa ziro. Ayi. Ziwirizi zimazima zikapotoledwa mpaka kumapeto kumanzere. Zikakhala pakati, VLE yadula kale mawu okwera ndipo VPF yakumba kale mawu apakati, ndiye munthu amabwera n'kumati Markbass imamveka ngati yafunditsidwa bulangete. Kasipika kake ka mawu okwera ndi ka piezo, ndipo ena amadandaula kuti kamachita kaphokoso ka siii pamalo achete. Kukweza VLE pang'ono kumakachepetsa. Malire ake ndi sipika imodziyo. Mawati 300 alipo, koma nsambo ya B mukaimenya mwamphamvu pa voliyumu yokwera, sipika ya 12 imafika posatha kusunthanso. Ndi bokosi lachiwiri la ma ohm 8 imasanduka chilombo china. Mtengo wake ndi wokwera kwambiri kuposa Fender ndi Ampeg, ndipo apo ndi pomwe ambiri amabwerera.

Gallien-Krueger (GK) MB112-II ili pakati: mawati 200, sipika ya 12, kulemera kofanana ndi Markbass. Ubwino wake ndi wakuti mawati 200 onsewo amalowa mu sipika yamkati, palibe zodikira bokosi lina. Kuipa kwake n'komweko: simungailumikize ku bokosi wamba la sipika, imangolola mabokosi okhala ndi ampu yawoyawo kudzera potulukira potchedwa Chain Out. Mawu a GK ndi akuthwa, oluma, oyenera woimba ndi piki kapena wokonda kuti notsi iliyonse idumphe.

Orange Crush Bass 100 imatchulidwa kawirikawiri m'gulu lomweli, ndipo mawu ake ndi okoma, koma imapitirira makilogalamu 20 pa mawati 100. Si yopepuka.

Tikaika zonsezi pa sikelo, woimba m'bandi ya ng'oma zenizeni yemwe sadziwa ngati kumene akupita akapezako PA yabwino atenge ya masipika awiri a 10, Rumble 500 kapena RB-210, malinga ndi khutu lake. Woyenda pa minibasi kapena wokwera masitepe mlungu uliwonse, ngati thumba likulola, Markbass ndiyo yake. Za mawati 100 ndi za amene akudziwa kuti sub ilipo.

Mukagula, pali zinthu zingapo zomwe zimapha maampu amenewa kapena kuwachititsa manyazi. Choyamba ndi magetsi. Ampu yogulidwa ku America nthawi zambiri imakhala ya 120V, pomwe ku Malawi, Zambia ndi South Africa magetsi ndi 230V. Musaganize kuti poti ndi Class D ndiye imadzisinthira yokha. Werengani zolembedwa pafupi ndi polowera chingwe cha magetsi kumbuyo. Ngati palembedwa 120V yokha, mukangoilumikiza popanda thiransifoma yotsitsa magetsi mwaiwotcha. Zochokera ku Britain kapena South Africa zilibe vuto limeneli. Pa jenereta, dikirani ikhazikike kaye musanayatse ampu, ndipo muzimitse ampu jenereta isanazime. Musagawane chingwe chimodzi ndi firiji ya zakumwa.

Polumikiza bokosi lowonjezera, onetsetsani kuti ndi la ma ohm 8. La ma ohm 4 likalumikizana ndi sipika yamkati ya 8 zimatsika kufika pa 2.7, pansi pa malire a ampu, ndipo imatentha n'kudzizimitsa pakati pa nyimbo, mwinanso kuwonongeka. Chingwe chake chikhale cha sipika, osati cha gitala. Kunja zimaoneka zofanana ngati zonse zili ndi jaki, koma cha gitala waya wake wamkati ndi wowonda kwambiri, sungathe kunyamula mawati mazana. XLR ikayambitsa kulira kwa mmmm mu PA, dinani batani la Ground Lift, musathyole phini ya ethi pa pulagi ya magetsi.

Pomwe mwaika bokosi pamasinthanso zambiri. Pansi, pafupi ndi khoma, besi imakula yokha popanda kuwonjezera wati ndi imodzi yomwe. Pakona imakula kwambiri mpaka manotsi kusokonekera, makamaka m'holo ya simenti yofolera malata. Ngati bokosi lili ndi bowo lotulutsira mpweya kumbuyo, lisiyireni kampata ndi khoma. Ndipo kombo yaying'ono ikakhala pansi pafupi ndi inu imaimbira mawondo anu, inu osamva kanthu pomwe anthu akutsogolo akugwira m'makutu. Ipendekeni iyang'ane kumutu kwanu kapena imani mamita awiri kutsogolo kwake musanafikire pa Master. Mabokosi opepukawa amayendanso okha pa siteji ya matabwa besi ikagunda, ndiye kachidutswa ka kapeti kapena ka labala pansi pake kazikhala m'chikwama cha zingwe.